Mtengo sudziwika ndi utoto

Funso limene limanditopetsa anthu akaimirira pa chithunzi cha duwa kapena mtengo ndi lakuti, "Kodi chakongola?" Oweruza mipikisano ya zojambula m'masukulu amafunsa lomweli, ogula makhadi ndi makalendala nawonso lomweli. Ndiye ana athu aluso aphunzira kayankhidwe kake: kufiira apa, chikasu apo, masamba awiri obiriwira m'munsi, basi mphoto yatheka. Mukamufunsa mwanayo kuti duwa lakelo limamera kuti, m'dambo kapena m'phiri, amangokuyang'anani kukamwa kuli yasa. Silimera paliponse. Ndi duwa la m'mutu, ndipo amene anamupatsa mphoto ndiwo anamulakwira.

Luso lojambula zomera lili ndi muyeso wake, kukongola kumabwera pambuyo. Chojambula chiyenera kuthandiza munthu amene sanauonepo mtengowo kuti akakumana nawo m'tchire auzindikire, ndipo amene anakulira pansi pake asapezepo bodza. Oweruza oyenera a ntchito yotere ali pa Chimbiya, m'mbali mwa msewu wa M1: amayi amene amayala masuku m'mabeseni chaka chikamapita kumapeto, abambo osenda luzi ndi otema mitengo m'midzi yozungulira nkhalango ya Chongoni. Aonetseni pepala osatchula dzina. Akati "msuku uwu" asanaphethire, wojambula wakhoza. Akayamba kulitembenuza uku ndi uku, walephera, ngakhale utoto wake utawala chotani.

Zojambula zakale za mitengo yathu zambiri zili kutali, makamaka ku munda wa zomera wa Kew ndi ku Natural History Museum mumzinda wa London. Ku Kew kokha kuli zojambula za zomera zoposa 200,000 za m'maiko osiyanasiyana. Njira ya kuno inatseguka ndi John Kirk, dokotala amene anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa Zambezi kuyambira mu 1858, akuthyola nthambi, kuziumitsa pakati pa mapepala n'kuzitumiza ku Ulaya. Kirk ankajambulanso yekha, koma mu 1860 bwato lake linagubuduzika pa mathithi a Kebrabasa, kumene lero kuli damu la Cahora Bassa ku Tete, zolemba ndi zojambula zake zambiri n'kupita ndi madzi. Msuku wathu womwewu unalowa m'mabuku a sayansi mu 1864 ndi dzina loti Uapaca kirkiana, kulemekeza iyeyo. Mkungudza wa ku Mulanje unatsatira mu 1894, utatchedwa Widdringtonia whytei chifukwa cha Alexander Whyte amene anatola nthambi zake paphiripo mu 1891.

Ojambula ambiri a nthawi imeneyo sanapondepo dothi lathu. Patebulo pawo pankafika nthambi yophwatalala, yotuwa, yomatidwa papepala. Ankachotsapo duwa limodzi louma, kuliwiritsa m'madzi monga timachitira ndi mfutso kuti lifewe n'kutambasuka, kenako kuling'amba ndi singano pansi pa galasi lokuza zinthu. Utoto unali utathawa kale panyanja. Chotsala chinali maumbidwe, chiwerengero ndi kukula kwa kachiwalo kalikonse. Ambiri amadandaula nazo izi. Ine ndimati umphawi umenewu ndi umene unalera luso lenileni, luso la mzere.

Tsegulani buku limodzi la Flora Zambesiaca, mabuku amene anayamba kutuluka mu 1960 ofotokoza zomera za Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Zojambula zake zambiri ndi za inki yakuda papepala loyera. Pakati pali nthambi. M'mbali muli tizidutswa tokhala ndi manambala: duwa lathunthu, duwa long'ambidwa pakati, kaphesi konyamula mungu, chipatso, njere. M'munsi alembamo kuti kachidutswa kalikonse akakuza kangati, ndiponso kuti ajambula kuchokera pa nthambi yotoledwa ndi yani, nambala yake yanji. Wokayika akhoza kupita kumene amasunga nthambiyo, kuitulutsa m'kabati n'kuyerekeza. Ndi luso liti lina limene limakulozerani kumene kukukhala mboni yake?

Tsopano tengani tsamba la msuku, muliike patebulo, m'manja muli peni ya nibu, ija tinkanyika m'kabotolo ka inki kusukulu kale. Tsambali ndi lalikulu, lolimba, lopapatiza kuphesi ndi lotambalala chakunsonga, ndipo masamba amaunjikana kumapeto kwa nthambi. Mukalitembenuza, mitsempha yake yatukuka, ikuchoka pa msana wa tsamba n'kumayenda mondondozana mpaka m'mphepete. Munthu wa burashi akhoza kukwirira zonsezi ndi kubiriwira kumodzi, anthu n'kumuombera m'manja. Wa nibu alibe pobisala. Mzere wa m'mphepete uyenera kunenepa pamene tsamba lalowa mumthunzi ndi kuwonda pamene kuwala kwagunda, ndipo kusinthaku kumachokera pa kadinikizidwe ka chala, dzanja likuyenda osaima, pakuti inki sifufutika. Ukadinikiza kwambiri nibu imatang'adza, inki n'kutayikira, ntchito ya tsiku lonse yapita. Ukanyengerera kwambiri tsamba la msuku limaoneka lofewa, pamene aliyense amene analiponda m'chilimwe akudziwa kuti limaswekera pansi pa phazi.

Koma chimene chimandisangalatsa koposa ndi timadontho. Suku ndi lozungulira, khungu lake lokhakhala pang'ono. Ulionetsa bwanji kuzungulirako wopanda utoto? Wojambula waulesi amakhwatcha timizere mbali imodzi kuti pachite mthunzi. Walakwa kale, chifukwa m'luso limeneli mzere uliwonse ndi umboni: ukaujambula wanena kuti pachipatsopo pali ubweya kapena mikwingwirima, ndipo katswiri wa zomera adzaziwerenga choncho. Wodziwa ntchito amagogoda nsonga ya nibu papepala, dontho limodzi, lina, lina, mazanamazana, othinana kumene kuli mdima, otalikirana kumene kukuwala, mpaka pamwamba pa chipatso papepala pangotsala poyera. Ukayandikira ukuona madontho okhaokha. Ukabwerera m'mbuyo pang'ono suku latukuka, lofuna kulitola. Khosi limauma, maso amachita misozi, ndipo dontho limodzi likatalika n'kukhala kamchira, diso la wodziwa limakodwa pomwepo. Ntchito imeneyi sindinamvepo woweruza mpikisano akuitchula n'komwe.

Palinso chinthu chimene aliyense wa kumapiri a Dedza amadziwa: si msuku uliwonse umene umabala. Ulipo waumuna, ulipo waukazi. Kuyang'ana kunja, maluwa a yonse iwiri amafanana, otuwa mwachikasu, osakopa maso. Ukang'amba pakati m'pamene umaona kuti la mtengo waumuna ndi timaluwa tambirimbiri tothinana pamodzi, pamene la waukazi ndi duwa limodzi lokha, lomwe lidzakhale chipatso patapita miyezi yambiri. Wojambula wabwino amaika zonsezi papepala limodzi: duwa la mtengo uwu, duwa la mtengo uwo, chipatso cha nyengo ina, njere zake zitatu kapena zinayi. M'tchire simudzazipeza pamodzi tsiku limodzi. Ena amati kuteroko n'kupeka. Ayi, n'kusonkhanitsa zoona zimene chaka chinamwaza. Za chithunzi cha pafoni ndingonena kuti chimajambula zonse mofanana, tsamba lodyedwa ndi mbozi, udzu wakumbuyo, mthunzi wa mwini foni, osadziwa kuti chofunika n'chiti.

Amene amakhulupirira utoto apite ku Chongoni mu Seputembala, mvula isanagwe. Mitengo ya miombo imaphukira masamba ofiira, ena otuwira, ena ngati mkuwa, phiri lonse kuchita kuyaka. Abwerenso mu Disembala: yonse yabiriwira mofanana. Nanga mtengo wasintha? Utoto wangokuuzani mwezi. Chosiyanitsa mombo ndi mtengo wa tsamba ndi chiwerengero: mombo uli ndi timasamba tambiri topyapyala tondandana awiriawiri paphesi lalitali, pamene mtengo wa tsamba uli ndi ochepa, okulirapo. Wojambula amene satopa kuwerenga timasambato, n'kujambula tonse monga tilili, wachita chinthu chimene chidzakhalabe choona m'nyengo zonse. Amene amangoti "bola aoneke ambiri" wajambula mtengo umene kulibe.

Ngakhale akatswiri otchuka ndi zithunzi zamitundu anali anthu a mzere poyamba. Walter Hood Fitch, amene anajambula zithunzi pafupifupi 2,700 za Curtis's Botanical Magazine, magazini yomwe inayamba mu 1787, ankajambula mwachindunji pamwala wosindikizira, ndipo ankatha kudzutsa chomera chouma kuti chioneke chamoyo popanda kuwonjezera kachiwalo kamene kalibe. Anachoka ku Kew mu 1877 atakangana ndi mkulu wa kumeneko, Joseph Hooker, pa za malipiro, zimene wojambula aliyense wa kuno angazimvetse msanga. Matilda Smith, amene anatenga ntchitoyo pambuyo pake, anajambula zoposa 2,300. Koma taonani ichi: mpaka mu 1948 utoto wa m'magaziniyo unkapakidwa pamanja, pepala lililonse palokha, ndi anthu ena olembedwa ganyu amene ankangotsatira chitsanzo. Mukaika makope awiri pafupi, kufiira kukhoza kusiyana. Mzere ndi umodzimodzi. Tsono anthu akamati "Fitch anali ndi utoto wabwino", akuyamikira dzanja la munthu wina.

Maluwa a rozi amene anajambula Redouté ndi abwino kupachika m'chipinda chochezera. Zithunzi zoposa 800 za penti wamafuta za Marianne North, zimene zadzaza nyumba yoonetsera zithunzi zake ku Kew kuyambira mu 1882, ndi ulendo wosangalatsa, koma musandiuze kuti muzigwiritsa ntchito pozindikira mtengo. Mwa opaka utoto amene anagwira ntchito m'chigawo chathu chino ndimavulira chipewa Olive Coates Palgrave, amene mitengo yake 110 inatuluka m'buku la Trees of Central Africa mu 1956, ndipo chifukwa chake n'chakuti pansi pa utoto wakewo pali munthu amene anawerenga masamba asananyike burashi. Buku la Audrey Moriarty la Wild Flowers of Malawi la mu 1975 lathandiza ambiri kudziwa maluwa a m'tchire, sinditsutsa.

Komabe zojambula zakale zimene ndikuzitamandazi zili ndi chilema chimodzi chachikulu, ndipo ogulitsa a pa Chimbiya angachione msanga kuposa mapulofesa. Pepala lomatapo nthambi ndi lalitali pafupifupi masentimita 42. Chimene sichinakwane pamenepo kawirikawiri sichinkakwera sitima, choncho sichinkajambulidwa. Thunthu palibe. Khungwa palibe. Koma funsani mmisiri wa matabwa kuti mlombwa amauzindikira bwanji: akuuzani za khungwa long'aluka ndi utomoni wofiira umene umatuluka akangokhapa ndi nkhwangwa. Chipatso chake chozungulira, chaphiko m'mbali ndi minga pakati, azungu anachijambula bwino ndithu, koma sichikhala mumtengo chaka chonse, pamene khungwa lilipo tsiku lililonse. Wosenda luzi amadziwa mombo ndi mmene khungwa likusendekera. Amayi okumba chikande, ena amati chinaka, amafuna kambatata ka pansi, ndipo zithunzi zambiri zokometsera za maluwa amenewa zimadula chomeracho padothi, ngati kuti moyo wake umathera pomwe diso la mlendo lathera. Pansi pa chithunzi mupeza dzina la wotola, la wojambula, la wosindikiza. La munthu amene analoza mtengowo n'kunena ntchito yake mulibe.

Apa ndi pamene wojambula wa kuno ali ndi mwayi umene Fitch analibe. Mtengo uli kuseri kwa nyumba yake. Sayenera kuwiritsa kanthu. Akhoza kukhala pansi pa msuku womwewo m'dzinja ndi m'chilimwe, kujambula khungwa ndi timadontho tomwe tija, kufukula muzu, kufunsa agogo dzina n'kulilemba pamwamba pa la Chilatini, pamodzi ndi dzina la agogowo ngati alola. Ndipo asanamizidwe kuti mzere ndi chinthu chachilendo kuno. M'mapanga a Chongoni, malo 127 amene UNESCO inawalemba kukhala chuma cha dziko lonse mu 2006, Akafula ndi Achewa anasiya zojambula zimene mphamvu yake yonse ili m'maumbidwe, ndi mtundu umodzi wokha, wofiira kapena woyera.

Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe lokhazikitsidwa mu 1987, lomwe limasunga nthambi zouma za zomera zathu, kotero mboni zoyerekezera sitiyenera kukazifuna ku London. Ku Chongoni komweko kuli sukulu ya zankhalango ya Malawi College of Forestry and Wildlife. Ndikanakhala ndi mphamvu, wophunzira aliyense wa zamitengo sakanalandira satifiketi asanapereke mapepala atatu a inki yokhayokha, msuku, mombo ndi mlombwa, lililonse lili ndi khungwa lake ndi muyeso wake m'munsi. Mapepalawo ndikanawanyamula Loweruka kupita nawo pamsika wa Chimbiya, maina atatsekedwa ndi chala, ndipo mamalikesi akanapereka ndi amayi a masuku.