Shaka yekha sakukwanira: malo a Amaravi ndi Ansenga m'masewera a pakompyuta

Chiyambire 1991, pamene Sid Meier adatulutsa Civilization, masewera omanga ufumu pa kompyuta, kum'mwera kwa Africa kuno kawirikawiri kwaimiriridwa m'masewerawa ndi munthu mmodzi, Shaka wa Azulu. Civilization VI, ya 2016, idabwera ndi Kongo, kenaka Mali ndi Ethiopia, koma dziko la pakati pa Zambezi, Luangwa ndi nyanja ya Malawi lidasiyidwa ngati lopanda eni.

N'zoona kuti opanga sangalowetse mitundu yonse, pakuti uliwonse umafuna mtsogoleri wake, asilikali ake, nyimbo zake ndi wolankhula chinenero chake. Chovuta ndi muyeso umene amasankhira. Akamayang'ana kutchuka pa nkhondo, amangobwereza kaseweredwe kamodzi, kosonkhanitsa asilikali ndi kulanda midzi. Muyeso wabwino ndi wakuti mtunduwo upatse wosewera kaganizidwe kamene ena onse alibe.

Pamenepa Amaravi akukhoza. Ufumu wawo unali ndi misana ingapo, wa Kalonga, wa Undi ndi wa Lundu, ndipo chuma chake chinali makasu achitsulo, nsalu za machila ndi minyanga ya njovu. Ufumu unkadutsira kuchikazi: wolowa ndi mwana wa mlongo wake wa mfumu. Wosewera akadayenera kusamala mbumba kuposa malinga, chifukwa mbumba ikabalalika mpando watha.

Ansenga a ku Petauke ndi Nyimba ali ndi nkhani yozama kuposa apa. Zwangendaba, mfumu ya Angoni, atawoloka Zambezi mu 1835, Angoni adakhala m'dziko la Ansenga, natenga anthu ambiri, makamaka akazi. Ana adakula akuyamwa chinenero cha amayi awo, mpaka Angoni a Mpezeni lero amalankhula Chinsenga kuposa Chingoni cha makolo awo. Taganizani lamulo lotere m'masewera: mdani akalanda mudzi wako, pang'onopang'ono midzi yake iyamba kulankhula ndi kukhala monga iwe. Wogonja pa mkondo apambana pa bwalo ndi pa mtondo. Wopanga masewera amene akudziwa ntchito yake sangaitaye nzeru imeneyi.

Koma mbiri ili ndi eni ake. Mu 2013 opanga Civilization V adasiya kuikamo anthu a Pueblo a ku America akuluakulu awo atakana, ndipo mu 2018 mtsogoleri wina wa a Cree adadandaula kuti Poundmaker, mfumu yawo yakale, adalowetsedwa mu Civilization VI iwo osafunsidwa. Wofuna kuika Amaravi ndi Ansenga ayambe wagwada kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, kwa Kalindawalo mwini mwambo wa Tuwimba, ndi kwa mafumu a ku Nyimba monga Ndake, Nyalugwe ndi Luembe. Zinsinsi za kudambwe zisatengedwe ngati zokongoletsera.

Inu achinyamata a ku Petauke ndi Nyimba amene mukuphunzira za makompyuta, musadikire a kunja. Khalani pansi ndi agogo anu, lembani zimene akudziwa, ndipo masewerawa muwapange nokha.