ZA OIMBA A BABATONI NDI ZIMBALE ZAO

Nkhani ya mwezi uno yachokera kwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, mnyamata wa kumapiri kwathu kuno pakati pa Dowa ndi Ntchisi, amene mtima wache wakodwa ndi nyimbo monga mbalame pa ulimbo. Akapita kudimba, lamya iri m'thumba ndi tizingwe m'makutu. Akakhala pa nsima, nkhani yache ndi imodzi, yakuti oimba akuti anatulutsa chimbale chaka chakuti, ndi ena anakaimba ku dziko lakuti. Mai wache anadza kwa ine ndi madandaulo, nati, Achimwene, inu ndinu mwini mbumba, mlangizeni mwana wanuyu, pakuti ndalama za soya ziri kuthera m'mayunitsi a lamya. Ndipo ndinamuitana mnyamatayo kuti ndimdzudzule. Koma popeza sikuyenera kuweruza mlandu usanaumve, ndinati, Yamba wandimvetsa zimene umvazo. Tinakhala pakhonde madzulo atatu, ndipo zimene ndinapeza ndizilemba pano, kuti akulu a mpingo amene ali ndi ana otere aone ngati ndaweruza molungama.

Iye sakonda oimba omveka pa wailesi tsiku ndi tsiku. Akonda iwo amene Azungu awatcha indie, ndiko kunena oimba odziimira paokha, osakhala m'manja mwa makampani akulu ogulitsa nyimbo. Anandifotokozera kuti m'chaka cha 1977 anyamata ena a ku Manchester, otchedwa Buzzcocks, anakongola ndalama kwa abale ndi abwenzi, nadindira okha kambale ka nyimbo zinai, osapempha chilolezo kwa munthu wachuma; ndi kuti ku London kunali sitolo yaing'ono ya Rough Trade, yotsegulidwa mu 1976, imene pambuyo pache inayamba kutulutsa zimbale za oimba otere, monga gulu la The Smiths. Ndinamvera pang'ono nyimbo zao. Magitala ao ali ndi mkokomo, ndi mau ao sindinawatole. Chifukwa chache sindiwaweruza, ndiwasiyira eni chinenero. Koma mwambo wao ndinaumva, ndipo ndinati, Mphwanga, kodi mwambo umenewu uli ku England kokha? Iye anaseka, nati, Iai atsibweni, imvani awa.

Pamenepo anandimvetsa anthu awiri a dziko lathu lino, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, amene dzina la gulu lao ndi Madalitso Band. Anthu awa anakhala zaka zambiri ali kuimba m'miseu ya Lilongwe, kulandira tindalama ta anthu opita m'njira. Yosefe aimba gitala wa zingwe zinai, ndi chidendene chache chiri kumenya ng'oma nthawi yomweyo. Yobu atsogolera nyimbo ndi liu, naimbanso babatoni. Kwa iwo amene sanamuone, babatoni ndiye mtengo wautali wolowetsedwa m'ng'oma yokuta ndi chikopa cha ng'ombe, ndi waya mmodzi yekha womangidwa kuchokera kunsonga kufikira pa ng'omayo. Woimba agwedeza wayayo ndi dzanja limodzi, ndi dzanja lina ayendetsa kabotolo kapena kachitsulo pamwamba pache, kuti liu likwere ndi kutsika. Munthu wa m'mudzi akhoza kumpanga ndi manja ache. M'chaka cha 2017 anakaimba ku Zanzibar pa msonkhano wa nyimbo wa Sauti za Busara, ndipo kuyambira pamenepo njira ya ku Ulaya inatseguka. Kampani yaing'ono ya ku Geneva, ya Bongo Joe, inatulutsa zimbale zao: Wasalala mu 2019, Musakayike mu 2022, ndi Ma Gitala mu 2025.

Tsono ndinene za Wasalala, pakuti ndicho ndinachimva kawiri ndi katatu. Ubwino wache waukulu ndi uwu, kuti mulibe chobisika. Mumva anthu awiri, manja anai ndi phazi limodzi, ndipo chimene sachita iwo palibenso wina achichita. Chidendene chija sichiphonya, chingoti di di di monga munsi wa mkazi wodziwa kusinja. Babatoni alira pansi ngati njuchi za m'phanga, naterereka kuchoka pa liu lina kunka pa lina, kumene gitala wa m'sitolo sakhoza. Ndi mau a awiriwo ayenda pamodzi, wina pamwamba wina pansi, monga aimbira anyamata pobwera kubusa. Chichewa chao ndi cha pabwalo, chosasakaniza ndi Chingerezi chodzionetsera. Nyimbo zotere munthu sachita manyazi kuzimva pamaso pa apongozi ache.

Koma ndisabise chirema chache. Nyimbozo zifanana. Liwiro lache ndi limodzi, mayendedwe a gitala ali pafupi kukhala amodzi, ndipo mau ochepa abwerezedwa nthawi yaitali. Pofika pa nyimbo yachisanu, ine wokhala pa mpando ndi tizingwe m'makutu ndinatopa, ndinafuna nyimbo imodzi yodekha yakuti mtima upumulirepo. Musakayike ayenda njira yomweyo, ngakhale phazi lache lakhazikika koposa. Pa Ma Gitala anaonjezapo mau ndi zoimbira zina, ndipo chimbalecho chikoma m'khutu msanga. Mphwanga achiyesa choposa zonse, koma ine ndichita nacho mantha pang'ono, pakuti ndiwo zikachuluka zokometsera, sudziwanso ngati nyemba zache zinali zabwino.

Anandimvetsanso a Malawi Mouse Boys, anyamata a kumwera amene anali kugulitsa mbewa zootcha m'mbali mwa mseu, naimba nyimbo zotamanda Mulungu ndi magitala opanga okha. Mzungu wa ku America, Ian Brennan, anawajambula, chimbale chao choyamba chinatuluka mu 2012, ndipo mu 2013 anakaimba ku England pa msonkhano wa WOMAD. Mau ao ndi okoma, a anthu ozolowera kuimbira pamodzi m'kachisi wa udzu. Ha! abale, pamenepa ndinagwidwa ndi manyazi. Ife tinapita pa anthu otere ndi kuwaponyera makobili monga opemphapempha, kufikira mlendo anadza ndi kalumo kakuthwa. Ndipo atamveka kutsidya kwa nyanja, ndipo ife tiyamba kunena kuti ndi athu.

Mlandu wa kufanana kwa nyimbo uja sunathere pakhonde. Mphwanga anati, Atsibweni, nyimbo izi sanazipangire mpando. Tiyeni mukaone oimba ndi maso. Ndipo anapita nane ku Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa. Akulu akumbukira kuti malo amenewo anali ndende m'masiku a Dr. Banda, ndipo mu 1994 anasanduka mudzi wa anthu othawa nkhondo, ochokera ku Congo, ku Burundi, ku Rwanda ndi maiko ena. Kumeneko mlakatuli wa ku Congo, Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, anayambitsa mu 2014 chikondwerero cha Tumaini, ndilo liu la Chiswahili lonena chiyembekezo, cholowa anthu onse osalipira kanthu. Tinaona ang'oma a ku Burundi atasenza ng'oma zazikulu pamutu ali kuziomba poyenda. Tinamva magitala a Chikongo. Koma chimene chinandigwira ine chinali kagulu ka anyamata a kwathu konkuno, amene maina ao sindinawafunse, okhala ndi banjo ya chigubu ndi ng'oma ya phazi. Anaimba nyimbo imodzi nthawi yaitali, mau ache osapitirira mizere itatu. Poyamba anthu anaimirira chabe. Pobwereza kachitatu akazi anayamba kuyankha. Pobwereza kachisanu fumbi linakwera, ndipo Mchewa ndi Mrundi, osamvana chinenero, anali kuponda phazi limodzi. Pamenepo ndinazindikira kulakwa kwanga. Kubwereza kumene ndinakuyesa umphawi ndilo khomo lolowera khamu m'nyimbo. Woimba abwereza kuti mlendo aphunzire msanga poyankhira. Ndinayenera kudziwa ichi kale, ine wobadwira m'dziko la mganda: ndani anamvapo mganda m'lamya nakhuta, osaona mizere ya anyamata ovala zoyera, ndi zipenga za zikho ziri kulira?

Chifukwa chache chimbale ndichiyesa monga ufa wa m'thumba, wosungika ndi wotha kuutumiza kutali, koma nsima yache idyedwa pabwalo. Sindichinyoza ai. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland ndi makina ache mu 1950 ndi mu 1958, najambula nyimbo za bangwe ndi za magule a makolo athu, ndipo mau a anthu amene anagona kale asungika kufikira lero ku Rhodes University, ku South Africa. Popanda iye tikadawamva kuti? Koma muyeso wa gulu la oimba ndi uwu: chimene chiri m'chimbale, kodi akhoza kuchichita ataimirira pamaso pa anthu? A Madalitso muyeso umenewu sauopa, pakuti anayamba ndi mseu, ndipo chimbale chinadza pambuyo.

Tsono muyeso womwewo ndiubweretsa kwathu ku mpingo, ngakhale ena adzandida nao. Makwaya athu ambiri masiku ano apita kwa munthu wa kompyuta, amene awaikira ng'oma ndi malipenga osaombedwa ndi dzanja la munthu, nawongola ndi makina mau okhota. Ndipo pobwera aimirira m'kachisi, nayatsa chimbalecho, nayendetsa milomo ndi mapazi. Ndinali pa msonkhano wa makwaya pa mpingo wina, umene sindiutchula dzina, pamene batire linatha pakati pa nyimbo. Anthu makumi atatu ovala yunifolomu yokongola anangoti chete, kuyang'anana, ndipo panalibe mmodzi wotha kupereka liu lakuti apitirire. Nanga makolo athu a ku Mvera, kumene Mau anafika mu 1889, ndi a ku Kongwe mu 1894, anali ndi batire yanji? Mphunzitsi anali kupereka liu loyambira, ndipo kachisi yense anali kunyamula nyimbo, yomveka kufikira kutsidya kwa dambo. Sindinena kuti kiyibodi ndi tchimo. Davide yemwe anali ndi zeze wache. Koma zezeyo anamuimba ndi zala zache. Pa ichi anyamata aja a banjo ya chigubu atiposa ife a m'kwaya, ndipo mwana wokonda oimba otere sanasochere monga tiganizira.

Komabe mphwanga sanatuluke wopanda mlandu. Ndinamfunsa kuti nyimbo zonsezi anazitenga kuti, nati zambiri anaikitsa m'kakhadi kwa anyamata a makompyuta a pa Mponela, ndi zina anapatsidwa ndi anzache. Ndinati, Nanga mwini nyimbo analandirapo chiani? Anakhala chete. Munthu anena kuti akonda oimba osauka odziimira paokha, nadya thukuta lao kwaulere. Ndalama zipita kwa wogulitsa mayunitsi ndi kwa mwini kompyuta, ndi wopanga babatoni agona ndi njala. Tinapangana kuti akapeza oimba pabwalo kapena pamsika aziponya kanthu m'mbale mwao, ndi kuti ndalama za mbeu ndi za feteleza asazikhudze konse. Ndinamchenjezanso za misonkhano ina ya nyimbo yochezera usiku, kumene mowa uchuluka koposa nyimbo.

Kwa mlongo wanga ndinabweza mau akuti mwanayo ndamlangiza, koma nyimbo sindinamletse. Sanakondwere kwenikweni. Ndipo sabata yatha anadzanso kudzandiuza kuti mnyamatayo wapempha chikopa kwa opha ng'ombe, wadula mtengo wa bulugamu, ndi kuti tsopano kuseri kwa nkhokwe kuli kulira chinthu usiku, nkhuku zosagona nacho tulo.