Kulira kwa mphaka m'kabokosi komaliza

Ajeremani ali ndi liwu limodzi pomwe ife timafuna awiri. Liwulo ndi Katzenjammer: Katze ndi mphaka, Jammer ndi kulira kodandaula. Munthu akadzuka mutu ukuwaza, kukhosi kuli gwaa, iwo amati mphaka akulira. Ife timati matsire. Koma liwu lawolo limafikanso mumtima, pamene ife timagwira tsaya n'kumati "ndikadadziwa".

Rudolph Dirks, mmisiri wojambula wobadwira ku Germany, adapachika liwuli pamwamba pa makatuni ake, The Katzenjammer Kids, omwe adayamba kutuluka mu 1897 mu New York Journal, nyuzipepala ya William Randolph Hearst. Hans ndi Fritz, anyamata a m'makatuniwa, ndi ana, salawa mowa. Chowaledzeretsa ndi kuputa akuluakulu, makamaka Kaputeni wina wandevu.

Luso la Dirks lagona pa kagawidwe ka nthawi. Tsamba adaliduladula m'timabokosi. Koyamba anyamata akunong'onezana. Pakati msampha wafwamphuka, Kaputeni ali chagada, ana mano onse pamtunda. Diso la wowerenga limathamanga, nalonso litaledzera ndi phwete. Kenaka kabokosi komaliza: kawirikawiri ana ali chafufumimba pamiyendo ya wamkulu, dzanja likutera m'matako, kukamwa kuli yasa. Mphaka uja walira. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti Dirks sachita kulalikira kuti chisangalalo chili ndi ngongole yake. Amangoika kuseka kumanzere, kulira kumanja, diso lako n'kuyenda lokha ulendo wochoka usiku kufika m'mawa.

Nzeruyi adaitapa kwa Wilhelm Busch, mlembi wa Max und Moritz wa mu 1865. Busch adawalanga kotheratu anyamata ake: adaperedwa pamphero, abakha n'kuwatola. Nkhani idathera pompo.

Dirks adakana imfa yotere, ndipo apa ndiima naye. Matsire sapha munthu. Amamulumbiritsa kuti sadzamwanso, Loweruka likafika n'kumupeza pomwe paja. Hans ndi Fritz amalira Lamulungu lino, Lamulungu lamawa atcheranso msampha wina, misozi itauma kale. Ena angati uku n'kubwerezabwereza kotopetsa, ndipo masabata ena kunalidi kotero. Komabe pa amisiri awiriwa, amene adalimvetsa liwu la Katzenjammer mpaka pamtsitsi ndi Dirks.