Dzina ndi lomwe lija, fungo ndi lina

Malume anga atamwalira, pogawana katundu ine ndinatenga chinthu chimene ena onse sanachifune: kabotolo ka perefyumu kotsala pang'ono, kamene anabwera nako kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe. Nditatsekula, zinali ngati eni akewo alowa m'nyumba atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Fungo lolemera, ngati la m'nkhalango mvula itangokata kumene, lowawira patali ngati khungwa la mtengo.

Chaka chatha ndinagula botolo latsopano la dzina lomwelo. Poyamba limanunkhira bwino ndithu, koma pakatha maola awiri pansi pake pamakhala mbee. Zili ngati nyimbo imene mumaikonda koma wina wachotsamo besi.

Besi ameneyo ali ndi dzina: oakmoss. Ndi ndere zimene zimamera pa mitengo ya oak ku Ulaya. Mu 1882, Paul Parquet anapanga Fougère Royale ya kampani ya Houbigant, ndipo kuchokera pamenepo panabadwa banja la maperefyumu lotchedwa fougère, lomangidwa pa lavender, coumarin ndi nderezi. Brut ya 1964, Paco Rabanne Pour Homme ya 1973, Azzaro Pour Homme ya 1978 ndi Drakkar Noir ya 1982 onsewa ndi ana a banja limeneli. Fungo limene ambiri timalitcha "la azibambo" ndi lomweli basi.

Vuto ndi loti m'nderezi muli timankhwala tiwiri, atranol ndi chloroatranol, timene timayambitsa ziwengo pakhungu la anthu ena. Bungwe la makampani opanga zonunkhiritsa la IFRA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1973, linachepetsa mlingo wa oakmoss wololedwa. Kenako mu 2017 European Union inaletsa timankhwala tiwiriti pamodzi ndi kena kotchedwa Lyral, ndipo pofika mu 2021 katundu wokhala nato sankaloledwanso kugulitsidwa kumeneko. Mu 2022 Lilial nayenso anatsatira. Ndiye opanga amagwiritsa ntchito ndere zoyeretsedwa, kapena mankhwala opangidwa m'labu monga Evernyl, amene amatsanzira mbali imodzi yokha ya fungolo.

Okonda zakale pa intaneti amalira maliro: akuti malamulo anapha luso. Ine apa ndimasiyana nawo pang'ono. Munthu amene khosi lake latupa ndi kuyabwa sakuchita matama ayi, ndipo ziwengo zamtunduwu zikangoyamba sizitherapo. Komanso si kusintha konse kumene kumachokera ku malamulo. Kwina n'kufuna kuchepetsa mtengo wopangira, kwina n'kutsatira mphuno za ogula a lero amene amakonda zotsekemera. Lamulo limangokhala posamira.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Buku likasinthidwa, osindikiza amalemba kuti ili ndi lokonzedwanso, ndipo lakale umatha kukalipeza ku laibulale n'kufananiza. Perefyumu ayi. Dzina lomwelo, botolo lofanana, mkati mwasintha, koma palibe amene akukuuza. Wowerenga akugula mutu wa buku, masamba ena atang'ambidwa mwakachetechete. Ngati perefyumu ndi luso, monga mmene otsatsa malonda amatiuzira, bwanji osalemba poyera chaka chimene inakonzedwanso?

Koma ndivomerenso ichi, chifukwa chimanditsutsa ine mwini. Kabotolo ka malume kaja nakonso si koyambirira. Mafungo opepuka a pamwamba, a mandimu ndi bergamot, ndi amene amayamba kuwonongeka ndi mpweya, kuwala ndi kutentha, ndipo kabotoloka kaona miyezi ya Okutobala yambirimbiri pawindo. Chatsalamo kwambiri ndi besi uja. N'kutheka kuti chimene ndimachitcha "fungo lenileni" ndi theka chabe, theka linalo ndikuwonjezera ndekha chifukwa chowasowa malumewo. Lakale linataya mutu, latsopano linataya miyendo.

Ndiye chigamulo changa n'chotani? Latsopanoli si loipa, ndimadzola popita ku ntchito ndipo anthu amayamikira. Kungoti likuyankha dzina la mwini wake, pamene ilo ndi mdzukulu. Lakale lija sindidzolanso. Ndimatsekula kamodzi pakanthawi, n'kununkhiza, n'kutseka msanga, podziwa kuti kutsekula kulikonse kukulichepetsa, ndipo kulibe sitolo imene ndingakapeze lina.