Geji ya thanki ikanama, mmisiri amatenga ndowa

Nyengo ya chilimwe msewu wa Great East umabweretsa ku Chipata magalimoto okoka makalavani, ambiri mwa iwo ochokera ku South Africa. Ena amakhala atayenda makilomita pafupifupi 570 kuchokera ku Lusaka, ena angolowa kumene pamalire a Mwami kuchokera ku Mchinji. Pano ndi pothirira mafuta ndi kudzaza madzi asanatsetsereke ku Mfuwe, makilomita ena pafupifupi 130, kukaona nyama ku South Luangwa. Ndi panonso pamene ambiri amatulukira kuti kageji ka m'kalavani kakuwapusitsa: timagetsi tikuti thanki ndi yodzaza, koma pampopi pakungotuluka mpweya. Kwa munthu wopita kuchigwa cha Luangwa mu Okutobala, kutentha kukupitirira madigiri 40, bodza lotere si laling'ono.

Amene amathetsa vutoli kawirikawiri ndi mmisiri wa magetsi a galimoto, yemwe manja ake anazolowera mageji a mafuta a maminibasi ndi malole. Chimene ndimachita nacho chidwi n'chakuti wodziwa ntchito sathamangira sipanala. Amayamba wafunsa kuti gejiyo ikunamira mbali iti. Ikuti madzi alimo pomwe mulibe, kapena ikuti mulibe pomwe alimo? Funso limeneli lokha ladula kale ntchito pakati, chifukwa mabodza awiriwa ali ndi magwero osiyana.

Mathanki ambiri apulasitiki ali ndi timisomali tobooleredwa m'mbali: kamodzi pansi penipeni, ena motsatana kukwera m'mwamba. Madzi akafika pa kamsomali, mphamvu yochepa ya magetsi imadutsa m'madzimo kuchokera ku kapansi kaja, ndipo nyale yake imayaka. Nzeru yake yathera pomwepo. Sensa ya timisomaliyi sidziwa madzi, imangodziwa kuti magetsi adutsa. Choncho m'thanki yolandira madzi otsukira mbale, mafuta ndi sopo zikamata khoma, chinyezi chake chimalumikiza timisomali tija ndipo geji imati mwadzaza ngakhale mwatayidwa kumene. M'thanki yachimbudzi, imene imapezeka kwambiri m'makalavani a ku America, kapepala konyowa kokoleka pa kamsomali n'kokwanira. M'thanki ya madzi akumwa bodza limathanso kutembenuka. Madzi a pamjigo okhala ndi laimu wambiri amakuta timisomali ndi chikhungwa choyera, magetsi n'kulephera kudutsa. Madzi amvula nawo sanyamula bwino magetsi, motero thanki imatha kudzaza geji ili chete.

Mmisiri akamva mbali imene bodza lapendekera, amafuna choonadi chosadalira waya. Amagogoda thanki ndi chala kuyambira pamwamba kutsika, khutu lili pafupi, monga amachitira wogula chivwende. Pamene palibe madzi pamalira mokweza, pamene madzi ayambira phokoso limafa. Ngati thanki ndi yachitsulo ndipo yakhala padzuwa, amangoyendetsa chikhatho, pakuti mbali ya madzi imazizirirapo. Amayang'ananso mmene kalavaniyo yaimira. Mathanki amenewa ndi aatali koma osaya, ndiye thirela ikangopendekeka pang'ono madzi amathawira mbali imodzi, sensa yabwinobwino n'kuoneka yabodza. Alendo ena vuto lawo limathera pa jeke basi.

Akatero m'pamene amatulutsa mita yoyezera magetsi. Amavula waya wa pa kamsomali n'kuona ngati nyale yazima: ikazima, cholakwa chili m'thanki, ikakhalabe yoyaka, chili mu waya kapena pa geji. Waya wa ethi amamuona msanga, chifukwa msewu wa mabampu ndi fumbi umamasula ndi kudyetsa dzimbiri polumikizira. Pa sensa zoyandama, zofanana ndi za m'thanki ya mafuta, pali msampha umene wachinyamata wongoyamba amagweramo. Za ku Ulaya zimayenda kuchokera pa ma ohm 0 kufika 190, pamene za ku America zimayambira pa 240 thanki ili yopanda kanthu n'kutsika kufika 33 ikadzaza. Mukaphatikiza sensa ya ku Ulaya ndi geji ya ku America, singano imayenda chobwerera. Mmisiri wachikulire amakweza choyandamacho ndi dzanja, maso ali pa mita, ndipo nambala ziwirizo zimamuuza kwawo kwa chipangizocho.

Kutsuka kwake n'kosavuta: viniga amasungunula laimu, madzi otentha ndi sopo wa mbale amachotsa mafuta. Koma mmisiri woona mtima amamuuza mlendo kuti litsiro lidzabwereranso.

Ntchito imene ndimaikonda koposa ndi yomaliza. Amalumikiza paipi yoonekera mkati kumunsi kwa thanki ya madzi akumwa, n'kuiimika m'mbali, kukamwa kwake kuli pamwamba kupitirira thanki. Madzi a m'paipi amaima pamlingo womwewo ndi a m'thanki. Nzeru imeneyi siyachilendo kuno, amisiri omanga nyumba amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku poyeza levulo ya maziko. Kenako amakhuthula thanki yonse, n'kutenga ndowa ya malita 20. Akathira ndowa imodzi amadikira madzi akhazikike, n'kulemba mzere pa paipi. Ndowa ina, mzere wina, mpaka thanki itasefukira. Mukayang'ana mizereyo mudzaona kuti sitalikirana mofanana: pena yathithikana, pena yatayana. Apo ndiye pagona luso. Thanki ya kalavani imaumbidwa mozemba ekiselo ndi zitsulo za pansi, choncho theka la msinkhu wake si theka la madzi ake. Timagetsi titatu kapena tinayi sitingaulule zimenezi, koma ndowa yaulula.

Paipiyo ili ndi zovuta zake. Dzuwa limameretsa ndere mkati, ndipo mwala wa pamsewu ukaithyola madzi onse amatayika. N'chifukwa chake wodziwa amaiika kuseri kwa chitsulo ndi kuyika kavavu patsinde, kotsegula pongofuna kuwerenga. Ku thanki yachimbudzi njirayi siyenera m'pang'ono pomwe.

Zipangizo zabwinopo zilipo. Kampani ya Garnet Instruments ya ku Canada imapanga SeeLevel, sensa yomata kunja kwa thanki, yosakhudza madzi konse, koma imagwira pa pulasitiki osati pa chitsulo, ndipo kuitanitsa kuchokera kunja kumadya nthawi imene mlendo wa paulendo alibe. Paipi, kavavu ndi ndowa zimapezeka m'mashopu a zomangira mu Chipata momwemo. Inu okoka kalavani, musanayambe kutsika ku Mfuwe, lolani mmisiri ayese thanki yanu ndi ndowa, ndipo mumulipire bwino.