Kanema wa Gettysburg ndi kapolo amene sanapatsidwe mawu

Kanema wa Gettysburg, amene Ronald F. Maxwell anatulutsa mu 1993 potsatira buku la Michael Shaara lotchedwa The Killer Angels, amatenga maola opitirira anayi. M'maola onsewo, munthu wakuda amene timamuona bwinobwino ndi mmodzi: kapolo wothawa, wovulala, amene asilikali a kumpoto amutola. Satulutsa liwu ngakhale limodzi. Azungu ndiwo amuzungulira n'kumakambirana za iye, chonsecho gwero la nkhondo ya pachiweniweni ya ku America linali ukapolo wa anthu pafupifupi 4 miliyoni.

Kanemayu ali ndi zake zokoma. Jeff Daniels, amene akusewera ngati Joshua Chamberlain, amakugwira mtima pamene akuteteza kaphiri ka Little Round Top pa 2 July 1863, zipolopolo zitatha, n'kulamula anyamata ake kuti atsike ndi mipeni ya kumfuti. Koma woonera amachoka atakhulupirira kuti nkhondo yonse inatembenukira pa masiku atatu amenewa. Ayi ndithu. Robert E. Lee anabwerera ku Virginia ndi gulu lake, ndipo anamenyabe mpaka April 1865. Mzinda wa Vicksburg, umene unagonja kwa Ulysses S. Grant pa 4 July 1863 n'kuchititsa kuti mtsinje wa Mississippi ugwe m'manja mwa a kumpoto, unapweteka a kummwera mosacheperapo. Ngakhale mu August 1864, Abraham Lincoln ankayembekezera kuluza chisankho. Chinamuwombola n'kugwa kwa Atlanta mwezi wotsatira.

Ngati tikufuna tsiku limodzi, ine ndingaloze 17 September 1862, pa Antietam. Anthu pafupifupi 23,000 anafa, kuvulala kapena kusowa tsiku limenelo, ndipo panalibe amene anapambana kwenikweni. Komabe Lee anabwerera, ndipo Lincoln anapeza podzera: patangotha masiku asanu analengeza kuti pofika 1 January 1863 akapolo a m'madera oukira adzakhala mfulu. Boma la Britain, limene linkalingalira zolowererapo ngati mkhalapakati, linabweza moto. Kuyambira pamenepo, kuthandiza a kummwera kunali kuthandiza ukapolo poyera.

Koma nalonso tsikuli lili ndi kholo lake. Mu May 1861, akapolo atatu, Frank Baker, Shepard Mallory ndi James Townsend, anathawira ku Fort Monroe. Mkulu wa asilikali Benjamin Butler anakana kuwabweza, ponena kuti ndi katundu wa adani wogwidwa pa nkhondo. Mawu onyoza, inde, koma anatsegula khomo, ndipo anthu zikwizikwi analondola njira yomweyo. W.E.B. Du Bois, m'buku lake la Black Reconstruction la 1935, anayerekeza kuthawaku ndi sitiraka ya antchito onse: minda ya thonje inataya manja, ndipo pomaliza amuna akuda pafupifupi 180,000 anavala yunifolomu ya asilikali a kumpoto. Kusintha kotereku sikukhala ndi kaphiri kojambulapo, n'chifukwa chake opanga makanema amakuzemba.

Chondiwawa kwambiri n'chimene Maxwell anasiya dala kapena mosadziwa. Gulu la Lee litalowa mu Pennsylvania mu June 1863, linkagwira anthu akuda, ena obadwa mfulu, n'kuwatumiza kummwera ku ukapolo. Kanemayu sakunena kanthu za zimenezi. M'malo mwake Martin Sheen akutipatsa Lee wa mawu ofatsa, nkhalamba yopemphera, ndipo akuluakulu ake akucheza usiku pa moto za ufulu wa madera awo ndi za anzawo akale amene ali mbali ina. Amapatsidwa nthawi yokwanira kuti tiwamvere chisoni. Kapolo uja atangomangidwa bala, kamera imamusiya, ndipo sitimva n'komwe dzina lake.