Nyimbo Yotonthoza Mwana: Zifanifani Zake ndi Dzina Loiyenera

M'midzi ya m'boma la Machinga, kuyambira ku Liwonde kufikira ku Ntaja, ndiponso m'boma la Balaka lomwe lidapatulidwa ku Machinga m'chaka cha 1998, muli nyimbo zimene zimayimbidwa khanda likamalira kumbuyo. Zimamveka m'Chiyao ndi m'Chichewa momwe. Mawu ake amasiyana mudzi ndi mudzi, koma zambiri zimanena zinthu zitatu: mwana aleke kulira, mayi wake wapita kumunda kapena kudimba, ndipo pobwera atenga chakudya. Alembi ena amazitcha "nyimbo zogonetsa ana". Dzinali ndi loperewera, ndipo kuperewerako kumaoneka munthu akafunsa kuti woyimba ndani, nanga akuyimbira yani.

Poyamba, woyankhula m'nyimbo yotere si mayi, pakuti mayiyo akutchulidwa ngati munthu amene palibe. Woyimba ndi mlezi, kawirikawiri kamtsikana kamene kasiyidwa ndi mng'ono kapena mlongo wake. Kachiwiri, khanda la miyezi isanu silimva tanthauzo la mawu. Chimene limamva ndi kutsika ndi kukwera kwa liwu pamodzi ndi kugwedezeka kwa msana. Tsono mawuwo ali ndi womvera wina, ndiye wamkulu aliyense amene ali pafupi, makamaka mayi pobwera. Ruth Finnegan, m'buku lake la Oral Literature in Africa la m'chaka cha 1970, adaonetsa kuti pakati pa mitundu ina ya mu Africa alezi amatulutsa zakukhosi kwawo kudzera m'nyimbo zamtunduwu.

Mfundo imeneyi ndiyo imamasula zifanifani za m'nyimboyi. Munda ukuyimira ntchito imene imalanda mwana mayi wake, makamaka m'nyengo yopalira ndi kubandira, pamene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Chakudya cholonjezedwa, kaya ndi mbatata kaya ndi matemba a ku Chilwa, khanda loyamwa silingadye. Amene angadye ndi mlezi. Motero lonjezolo ndi pempho lobisika: mwana wanjala akukumbutsa akulu kuti nayenso wagwira ntchito. Chimodzimodzinso fisi kapena chilombo china chimene nyimbo zina zimaopseza nacho mwana. Khanda silidziwa fisi. Mantha amenewo ndi a mlezi, amene akuona dzuwa likupendeka mayi asanatulukire. Wophunzira amene wauzidwa kuti nyimboyi ndi yogonetsa chabe adzaganiza kuti mawu onsewa alibe ntchito, pamene m'menemo ndimo muli ndakatulo yeniyeni.

Pali vuto linanso la kalembedwe. Nyimbozi zimadzala ndi maphatikizo obwerezabwereza oyamba ndi lembo la l, amene alibe tanthauzo la m'mtanthauziramawu. Akonzi ena amawachotsa poganiza kuti akungodya malo. Uku ndi kulakwitsa, chifukwa maphatikizowa ndiwo gawo lokhalo limene limafikadi kwa khanda, ndiponso ndiwo amasunga kayendedwe ka nyimbo. Ena amawasunga koma amawakakamiza kutsata lamulo la kalembedwe ka Chichewa lakuti r alembedwe pambuyo pa e ndi i, monga m'mawu akuti kulera ndi kulira. Lamuloli ndi la mawu a Chichewa. Mawu a Chiyao amalembedwa ndi l ponseponse, kotero kuti mkonzi amene waika r m'nyimbo yotoledwa kwa mlezi wachiyao wa ku Ntaja wasintha chimene chidayimbidwa. Maphatikizo otere alembedwe monga amvekera, ndipo mpatuliro uikidwe pamene woyimba wapumira. Wotolera alembenso mudzi umene adamva nyimboyo ndi chiyankhulo chimene idayimbidwira.

Pomaliza, dzina loyenera ndi lakuti "nyimbo yotonthoza mwana". Mneni wakuti kugonetsa amaloza tulo tokha, chonsecho nyimbozi zimayimbidwa ngakhale masana, pamene cholinga ndi chakuti mwana atonthole, kaya agona kaya ayi. Mneni wakuti kutonthoza ndi wotakata. Amatonthozedwa ndi mwana wolira, amatonthozedwanso ndi munthu wamkulu amene waferedwa. Choncho dzinali likukwanira mbali zonse ziwiri za nyimboyi: khanda limene latonthola, ndi mlezi amene akudzitonthoza yekha poyimba.

Alembi a mabuku a sukulu ndi akonzi achita bwino kugwiritsa ntchito dzina limodzi lomweli kuti ophunzira asasokonezeke. Aphunzitsi nawo, asanafunse za tanthauzo la munda kapena fisi, ayambe afunsa ophunzira kuti woyankhula ndani. Ophunzira ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka adaberekapo ana kumbuyo podikira amayi awo, ndipo yankho la funsoli sadzalisowa.